Mapasa a Mwana Wanga ndi Phunziro la Kadyansonga

Ndinaphunzitsa sayansi ku Balaka zaka zambiri, ndipo makope anga onse okonzekerera maphunziro ndikadali nawo m'sutikesi yachitsulo. Sinditaya pepala ine. M'kope lina muli phunziro la chiyambi cha zamoyo. Ndinkayamba ndi maganizo akale oti kadyansonga anatalika khosi chifukwa chosomphokera masamba a m'mwamba, ana ake n'kubadwa ndi khosi lotalika kale. Ana asukulu ankaseka, n'kumakokana makosi. Kenaka ndinkawauza kuti akatswiri ena anakana zimenezo: m'chilala, nyama zokhoza kufikira chakudya zimatsala n'kuswana, zofooka zimatha. Mawu amenewo ndinawadula mzere wofiira kunsi, ndipo ndinkawanena monyadira.

Nditapuma ntchito ndinabwerera kwathu ku Ngokwe. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chiuta amene kale anali m'kalasi mwanga, ndipo ankakhala pakhomo pathu pa chikamwini. Anabereka mapasa, onse aakazi. Njala itafika anali atangoyamba kuyenda. Nyanja inaphwa, ukonde unangopachikidwa pamtengo. Tinkadya mango aawisi owiritsa ndi madeya tikawapeza, ndipo mkaka wa mayi wawo unachepa. Wamkulu ankakakamira bere, kulira kwake kumveka mpaka kumsewu. Wamng'ono anatupa mapazi, tsitsi linafiira, kulira analeka.

Tsiku lina m'mawa, ndikupala mpini, mkamwini anadzanjuta patali pang'ono.

"Aphunzitsi, phala lija tikamagawa pawiri titaya onse. Bwanji tilimbikire wamkuluyu?"

"Mukuti chiyani?"

"Si inu nomwe munkatiuza? Zofooka zimatha."

"Iyayi! Ndinkanena za nyama zakutchire, osati zidzukulu zanga!"

"Mesa munkati nafenso ndife nyama," anatero, maso ali pansi. Sankandinyoza. Anali ndi masiku awiri osadya.

Mpaka lero ndimapsa mtima, koma sindidziwa bwinobwino kuti ndipsere yani. Amene analemba mabuku aja sankanena za mayi wogawa phala. Ankafotokoza zimene zimachitika, osati zimene munthu ayenera kuchita. Kusiyana kumeneko sindinakuphunzitse. Ndafufuza m'makope onse, tsamba ndi tsamba, palibe pamene ndinakulemba.

Tsiku lomwelo ndinalamula kuti wamng'ono apite kuchipatala cha mishoni kumene ankagoneka ana otupa ndi kuwamwetsa mkaka. Mwana wanga anafuna kutenga onse awiri.

"Bambo, winayu akuyamwabe."

"Njinga ndi imodzi, msewu ndi wautali," ndinatero. "Uyu ngolimba, atsale ndi amayi ako. Sabata imodzi si kanthu."

Anamusiya wamkuluyo m'manja mwa agogo ake. Ndinawakweza panjinga iye ndi wodwalayo, ndipo m'malo a mchenga ndinkatsika n'kumakankha.

Sabata imodzi ija inasanduka masabata atatu. Wamng'ono anaphwa mapazi, anayamba kukhala tsonga, tsiku lina analanda supuni kwa namwino. Ine ndinkagona pakhonde la chipatala, n'kumakonzeratu mawu okamuuza mkamwini.

Kunyumba wamkulu, atachotsedwa kubere mwadzidzidzi, anapatsidwa mango aja ndi madzi a pachitsime chimene chinali chitatsala matope. Anatsegula m'mimba masiku anayi. Mkazi wanga analibe njinga, inali ndi ine. Mkamwini anabereka wamkuluyo kumsana kuyamba ulendo wapansi, ndipo mwanayo anatsirizikira panjira, asanafike n'komwe pamsewu waukulu.

Mkamwini anabwera yekha kuchipatala kudzatiuza, maliro ataikidwa kale. Anaima pakhomo la wodi, fumbi mpaka m'mawondo. Mwana wanga atangomuona anayang'ana kumsana kwake, kumene kunalibe mwana.

Onse awiri sanandinene mawu alionse, ngakhale tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Ndikanakonda akanandinena. Amene anasankha mwana wolimba n'kumusiya ndinali ine.

Wamng'ono uja lero ndi mayi wa ana atatu. Amadziwa kuti anabadwa awiri, ndipo kawiri konse wandifunsa chimene chinatenga mnzake. Ndimamuyankha kuti inali njala.