A Makwinja ndi Foni Yokana Manambala

A Kingstone Makwinja a ku Limbuli anakalambira m'minda ya tiyi. Anayamba ndi kuthyola masamba, n'kudzathera pa ukapitawo, ndipo ngakhale anapuma ntchito kalekale amayendabe ngati kumbuyo kwawo kukubwera gulu la anthu a madengu. Kuchedwa amadana nako koopsa. Kutchalitchi amafika belu lisanalire, kumaliro amafika adzukulu asanagwire makasu, kenako n'kumayang'ana ena onse ndi diso lija la "munali kuti?" Amakhala chikamwini kwa akazi awo, mayi Esteri, ndipo pamudzipo sipanamvekepo mkangano wa awiriwa.

Mwana wawo Millie, namwino ku Blantyre, atawagulira foni yamakono, a Makwinja anapeza ukapitawo wina. Anatsegula tsamba la pa Fesibuku la anzawo opuma ntchito kuesiteti ya tiyi, n'kumalengezapo matenda, maliro ndi maukwati. Chovuta chinali chakuti ku Limbuliko, poti ndi kumalire a dziko, foni imangodumphira netiweki ya ku Mozambiki, ndiye manambala achinsinsi olowera patsamba, amene amabwera pa meseji, ankafika mochedwa, mwina osafika n'komwe.

Millie atabwera kudzacheza anawaonetsa ma apu angapo opanga manambalawo mufoni momwemo, popanda netiweki.

"Iyi ndi yotchuka, bambo," anatero Millie. "Koma iyi eni ake anaika poyera mmene anaipangira. Aliyense wodziwa akhoza kusuzumiramo n'kuona ngati muli chinyengo."

"Imeneyo basi!" anatero a Makwinja. "Ine kuesiteti, munthu wokana kuti ndipise dzanja m'dengu lake ndinkadziwiratu kuti pansi waika zinyalala."

Millie anaiika, anaiyesa, zinatheka, n'kukwera minibasi kubwerera kuntchito.

Patapita masabata angapo, mnzawo wakale a Hudson anamwalira ku Chonde. A Makwinja anati alowe patsamba kuti alengeze, foni inafunsa manambala. Analemba, inakana. Anapukuta magalasi, analembanso, inakananso. Malirowo anaikidwa osalengezedwa, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti kodi a kapitawo anali ndi mangawa ndi malemu?

Koma abale, mtima wa munthu! Apu ija sanaikayikire, poti anaisankha okha. Kudzikayikira okha ndiye zosatheka. M'nyumbamo amakhalamo anthu awiri, ndiye wolakwa anapezeka msanga.

"Amayi a Millie, foni yangayi mwaigwiragwira. Mumafuna muone kuti ndimacheza ndi ndani eti?"

Mayi Esteri anati iwo amangoisuntha akamapukuta patebulo. A Makwinja sanamve zimenezo. Analankhula mokweza mpaka oyandikana nawo anasiya kusinja, ndipo mmawa mwake iwo eni anaitanitsa ankhoswe, osaganiza kuti mkamwini akaputa mlandu wopanda mutu, wonyamuka amakhala iyeyo.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde. A Jailos, mlongo wawo wa mayi Esteri, anaimbira Millie n'kuika foni yawo pakati kuti nayenso amve, poti ndi amene anabweretsa chinthucho. A Makwinja anayala mlandu wonse, akugogoda pansi ndi chala. Atamaliza, mayi Esteri anakonza chitenje chawo, n'kulankhula motsitsa.

"Achimwene, ine ndikanaonamo chiyani mufonimo? Ine sinditha kuwerenga. Abambo a Millie akudziwa."

Zimenezi ankadziwa ndi a Jailos ndi a Makwinja basi. Mayiwa kutchalitchi amatsegula buku la nyimbo ngati anzawo, akuimba za pamtima, ndipo ngakhale mwana wawo anakula osadziwa. Lero anazinena ndi pakamwa pawo, pamaso pa achibale a mwamuna, oyandikana nawo atatchera khutu kuseri kwa mpanda.

Kenako Millie anafunsa pa foni paja:

"Bambo, foni yanuyo ikuti nthawi ili bwanji?"

Anamuuza. A Jailos anayang'ana yawo, n'kupukusa mutu. Ya a Makwinja inali patsogolo.

Nkhani yake inali yotere: kuyambira kuesiteti, wotchi iliyonse imene a Makwinja anavalapo ankaikankhira patsogolo pang'ono kuti asachedwe. Millie atangokwera minibasi tsiku lija, nayo foni anaichita chimodzimodzi. Sankadziwa kuti apu ija imapanga manambala potsatira nthawi, ndiye nthawi ikaphonya, nawo manambala amaphonya. Atabweza nthawi m'malo mwake, tsamba linatseguka pompo, anthu onse akuona.

Manyazi amene anawagwira a Makwinja, ine sindinawaonepo. Munthu amene ankanjenjemeretsa gulu lonse la othyola tiyi anangoti zyoli, thukuta kamukamu, chala chogogoda chija atachibisa m'thumba. Anatsika pampando, anagwada pansi, n'kupepesa mawu akuwathawa.

"Achemwali, pano ndi panu," anatero a Jailos. "Mukanena kuti alamuwa azipita kwawo, ife tiwaperekeza."

"Apite kuti munthu wokalamba chonchi?" anayankha mayi Esteri. "Akhale."

A Makwinja anawapatsa foni ija ndi manja awiri, kuti kuyambira lero aziigwira mmene angafunire. Mayi Esteri anangoiyang'ana, n'kudzuka kukasamala mbuzi.

Mpaka pano a Makwinja alipo ku Limbuli, ndipo maliro akulengezabe, koma kufuula kuja kunatha. Mayi Esteri amawaphikira, amawachapira, nthawi zina amaseka nawo ndithu. Koma akamapukuta patebulo nsanza imazungulira foni ija, fumbi n'kutsala pansi pake. Ikalira a Makwinja ali kudimba, imalira mpaka kutopa, mayiwa ali pomwepo akusankha nyemba. Bambowo akabwera, amangowauza osadzutsa mutu kuti, "Zanu zija zimalira."