Teleza ndi Mango a Kunsonga

Teleza anabadwira ku Kapichi, m'banja la alimi a nthochi. Matenda a chisaka atamaliza nthochi za mayi ake, munda umene unatsala sunali wodyetsa anthu, ndiye anabereka mtanga kumsana ngati atsikana anzake n'kukalowa m'mizere ya tiyi pa esiteti. Anathyola tiyi kuyambira ali namwali mpaka mwana wake woyamba atatsala pang'ono kupita kusekondale. Mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo patapita nthawi foni yake inasiya kulowa.

Ntchito ankaidziwa, dzuwa ndi mame anazizolowera. Chimene chinamukanika kuzolowera ndi cha chaka ndi chaka: chilimwe chikafika, tiyi n'kusiya kuphukira, akapitawo ankatchula mayina a otsala pantchito, dzina lake osamveka. "Mudzabwere mvula ikagwa," ankatero. Mvula ikagwadi, Teleza ankakaima pageti m'khamu la anthu, khutu lili tcheru, kudikira kuti mwina aitanidwa.

Chaka chathachi atauzidwa mawu omwewo, anabweza mtanga wa kampani, analandira malipiro ake omaliza, n'kulumbira mumtima kuti pageti paja sadzaimaponso. Anasankha zopikula mango.

Masiku oyamba anangoyendayenda pa Masambanjati kuona mmene anzake akuchitira. Anaona kuti mango a pamsewu ndi odula, komanso ambiri ndi ogwetsedwa ndi miyala ndi ngowe, moti pofika ku Limbe amakhala atada mbali imodzi. Amene ankapindula ndi ogula mtengo wonse mango akadali aawisi, n'kudzathyola okha ndi manja akakhwima. Choncho mwezi wa Okutobala wonse Teleza anauthera m'njira za m'midzi, fumbi lofiira mpaka m'maondo, nyenje zikulira ngati zalembedwa ganyu, iye khosi lili m'mwamba kusuzumira m'mitengo ya eni. Ena ankamuuza kuti wachedwa, ena ankatchula ndalama zoti munthu n'kungoseka.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, chakufupi ndi Khonjeni, anapatukira pamthunzi wa mtengo waukulu wa mango a boloma kuti apemphe madzi. Atayang'ana kumwamba anaiwala ludzu. Nthambi zinali zitawerama ndi zipatso. Pansi pake panali bambo wina wonenepa bwino, akukhoma mpini wa khasu. Anati dzina lawo ndi a Crispin, mlonda wa usiku pa esiteti ina. Sanavute. Anagwirizana, Teleza anamasula pansonga ya chitenje n'kupereka pafupifupi zonse zimene anatuluka nazo pantchito, ndipo a Crispin anati adzabwere mango akakhwima.

Pakati pa Novembala anali atakonza zonse. Dalaivala wa lole imene imanyamuka pa Masambanjati Lachisanu masana kupita ku Limbe anamusungira malo. Happy, wakabaza wa njinga yamoto, anavomera kututa madengu kukasiya pamsewu. Lachisanulo anafika pamudzi paja m'mawa, koma kunali kutatentha kale ngati masana. Pakhonde panali mayi wamtali, akupeta nandolo.

"Odi kuno!"

"Odini," anatero mayiyo, maso ali pamadengu amene Happy ankatsitsa. "Kodi pali ukwati pakhomo pano ine osadziwa?"

"Ndine Teleza, mayi. Ndabwera kudzathyola mango aja."

"Mango ake ati?"

"A mtengo uwu. Ndinagula kwa bambo a pakhomo pano mwezi watha."

Mayiyo anaika lichero pansi mosafulumira. "Ine ndine Anesi, mwini wake khomo lino. Bambo mukunenawo anabwera pamudzi pano ndi kachikwama kamodzi ndi wailesi yakufa. M'kachikwamamo ine sindinaonemo mtengo wa mango."

Kwawo kwa Teleza ku Kapichi nakonso mwamuna amachita kubwera kudzakwatira, ndipo munda ndi mitengo zimakhala za mkazi ndi abale ake. Ngakhale mwana amadziwa zimenezi. Koma zaka zonse za pa esiteti zinamuphunzitsa kuti ukafuna chinthu umalankhula ndi bambo amene wamupeza atakhala pamthunzi. Sanafunse n'komwe kuti mayi a pakhomo ali kuti.

"Abambo a Mwai!" anakuwa a Anesi. "Tulukani, kwabwera makasitomala anu!"

A Crispin anatuluka maso ali psuu ndi tulo ta mlonda. Ataona Teleza anafuna kubwerera, koma chitseko chinali chitatsekeka kale kumbuyo kwawo.

"Amayi a Mwai, nkhani imeneyi ndimati ndikuuzeni."

"Liti? Mtengo utauma? Ndalama zili kuti?"

A Crispin anayang'ana zala zakumapazi. "Feteleza uja."

"Feteleza uja munati ndi bonasi?"

"Inali ngati bonasi ndithu."

Happy anaphulika kuseka, kenako anayerekeza kutsokomola. A Anesi sanaseke. Anatembenukira kwa Teleza, ndipo mawu awo anatsika.

"Achemwali, inu simunalakwe kwenikweni, wakupusitsani ndi mkamwiniyu. Koma mtengowu anadzala mayi anga, ndipo sunagulitsidwepo. Taonani nkhokwe iyo, mwatsala zitsononkho. Miyezi ino ana a pamudzi pano, anga ndi a achemwali anga, amagonera mango omwewa. Aawisi timaphika, akupsa amadya popita kusukulu. Ndalama zanu adzakubwezerani mwezi ukatha, akalandira. Ndidzakalandira ndine."

Anali mawu achilungamo, ndipo wina akanathokoza n'kunyamuka. Koma Teleza anaona bwinobwino kumene mawuwo akumupititsa. Pofika kumapeto kwa mwezi mitengo yabwino idzakhala itathyoledwa yonse, ndalamazo zidzalowa mumphika pang'onopang'ono, mvula idzagwa, ndipo iye adzapezeka waima pageti paja.

"Mayi, ku Limbe sagula ndalama, amagula mango," anatero. "Lole yanga ndi ya lero."

"Ndiye muiuze lole yanuyo kuti kuno kulibe."

A Anesi anatola lichero n'kupitiriza kupeta. Teleza sanachoke. Anavundikira dengu limodzi n'kukhalapo, pansi pa mtengo womwewo. Dzuwa linakwera. Malata a nyumba anayamba kulira okha ndi kutentha, nkhuku zinabisala pansi pa nkhokwe kukamwa kuli yasa.

"Asisi, tiyeni tizipita," anatero Happy. "Njinga yanga ikupsa, ndipo anthu akundidikira pasiteji. Nkhani za m'banja mwa eni simuzitha."

"Dikirani pang'ono, achimwene."

"Ndidikire chiyani? Kuti mango agwe okha m'dengumo?"

Maso a Teleza anali pansi. Pabwalo ponse panali mango akugwa, akuluakulu, ndipo pafupifupi lililonse linali lojegwedwa mbali imodzi, ntchentche zili ng'aa. Anatola limodzi, analitembenuza, kenako anayang'ana kumwamba. Nthambi za m'munsi zinali zitapepuka kale, ana atayamba kuzigwedeza. Koma kunsonga, kumene ngowe singafike, zipatso zinali mbwee.

Anapita pakhonde n'kugwada pang'ono.

"Mayi, pepani, ndifunse. Ili wadya ndani?"

A Anesi anangoponya diso. "Mileme. Usiku sitigona nayo."

"Nanga milemeyi ndi ana a chemwali wanu uti?"

Lichero linaima. A Anesi anayesetsa kumanga nkhope, koma pakamwa panawapereka. "Mtsikana iwe uli ndi mwano wa pamsika."

"Si mwano, mayi. Ana anu amadya za m'munsi. Za kunsonga zimapsa pomwepo, mileme n'kuluma, zotsala n'kuphulika pansi pano. Mwazisesa zaka zingati? Ine ndigulitseni za milemezo. Bweretsani ngowe imene ana amathyolera. Pamene ifike m'panu, sindikhudza. Kupitirira apo ndi panga, ndipo feteleza akhale wanu, pasakhale wobweza kanthu."

A Anesi anayang'ana mtengo wa mayi awo ngati akuuona koyamba. Kenako anazungulira kuseri kwa nyumba. Anabwerako ndi ngowe yaitali, koma m'dzanja lina munali nsungwi ndi luzi. Anakhala pansi n'kuyamba kulumikiza nsungwiyo kungowe, osathamanga.

"Iii, mayi!" anadandaula Happy. "Imeneyo ndi ngowe kapena mukufuna kukola ndege?"

"Ana amakula, bambo. Chaka chino manja awo atalika."

Teleza anaisiya nkhaniyo. Maso ake anayenda ndi nsonga ya ngoweyo pamene a Anesi ankazungulira mtengo, atanyanyamphira, kugogoda nthambi iliyonse imene akanatha kufika. Anawerengera msangamsanga: pa madengu atatu alionse amene ankayembekezera, limodzi lapita. Otsalawo akanalipira lole ndi Happy, n'kutsala yogulira mtengo wina. Komanso a kunsonga ndiwo anali aakulu, owombedwa bwino ndi dzuwa.

"Ndavomera," anatero. Anamasula chitenje, m'kati munali buluku, anavula masilipasi n'kugwira tsinde.

"Eee! Eee! Tsikani!" A Anesi anamugwira mwendo. "Mkazi kukwera mtengo wa mayi anga? Mufuna chaka chamawa mango onse achite mphutsi?"

"Mayi, a ku Limbe safuna ogwetsa. Afunika kuthyola ndi manja, kutsitsa m'thumba ndi chingwe."

"Akwere wanjinga wanuyo."

"Ine ayi," anakana Happy, akubwerera m'mbuyo. "Ndinagwa mumpeyala ndili mnyamata, mwendo uwu umanena za mvula kuposa wailesi. Ine ntchito yanga ndi ya pansi."

Onse atatu anatembenuka nthawi imodzi. A Crispin anali atatsamira khoma, akuyesa kuoneka ngati mbali ya nyumbayo.

"Amayi a Mwai, ine ndachokera kuntchito usiku."

"Pogulitsa munali ndi mphamvu. Wagulitsa ndi amene amapereka katundu. Kwerani."

"Msinkhu wangawu?"

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Vulani nsapato."

Anakwera. Poyamba ankachita kukumbatira nthambi iliyonse n'kutchula Mulungu, koma atafika pamphanda zinaoneka kuti paunyamata wawo anaba mango ambiri ndithu. Teleza anawaponyera chingwe ndi thumba, n'kuyamba kulamula ali pansi, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"Osati limenelo bambo, likadali lanthete! La kumanja kwanuko, lotukuka mapewalo. Musakoke, potozani!"

"Kuno kuli nyerere zofiira!"

"Zipatseni moni," anayankha a Anesi. "Ndi eni mudzi anzanga."

Thumba linkatsika lodzaza n'kukwera lopanda kanthu. Teleza ankalandira bango lililonse ndi manja awiri, kulipukuta utomoni kuti lisade khungu, n'kuliyala m'dengu pamasamba a nthochi, aakulu pansi. Utomoniwo unamuwotcha m'manja, thukuta linkalowa m'maso, koma sanaime. Dengu likadzaza, Happy ankalimanga panjinga n'kuliza ulendo wa ku Masambanjati, fumbi lili koboo kumbuyo. A Anesi anaima chapatali manja ali m'chiuno, kulondera kuti amuna awo asatsetsereke n'kukhudza nthambi za ana. Patapita nthawi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikho cha thobwa lozizira la mumtsuko. Anapatsa Teleza.

"Nanga ine?" anafunsa mawu ochokera m'masamba.

"Inu mumwe bonasi."

Mthunzi utayamba kupendekera kum'mawa, foni ya Teleza inalira. Anali dalaivala, akuti akumanga katundu ndipo sadikira munthu. Kunsonga kwenikweni kunali kutatsala mango ambiri ndithu, okongola kuposa onse, panthambi zowonda. A Crispin anayesa kupondapo, nthambi inalira. Teleza anayang'ana mangowo, anayang'ana bamboyo.

"Basi tsikani, bambo. Amenewo asiyeni."

A Crispin anatsika thupi lonse lili zidzolozidzolo, n'kugona chagada pamthunzi. A Anesi anathandiza Teleza kumanga dengu lomaliza.

"Achemwali anga a kuseri kwa phiriko ali ndi mitengo iwiri," anatero akukoka chingwe. "Mileme ikuwasautsanso. Mukabwerako mudzandipeze ine, ndidzakuperekezani. Amuna awo mudzangowapatsa moni."

Anafika pa Masambanjati lole italiza kale injini, kondakitala akutukwana kuti madengu a mayi ameneyu atsitsidwe. Teleza anadumpha panjinga isanaime bwino, anasenza dengu lomaliza yekha n'kulikankhira m'mwamba, kenako anakwera pathayala n'kudzipanikiza pakati pa katundu wake ndi matumba a chinangwa a munthu wina. Anavundukula dengu lililonse pang'ono, kulowetsa dzanja kuti amve ngati mango afunda, n'kuwaza madzi otsala m'botolo pamasamba a pamwamba. Mayi wina amene anakhala moyang'anana naye anasuzumira n'kufunsa ngati angamugulitse awiri oti adye panjira.

Teleza anatchula mtengo wa ku Limbe. Mayiyo anadandaula kuti sanafike n'komwe pa Thyolo boma, koma anapisa dzanja m'chikwama.