Ndinaimbira Nthungululu Ng'ombe Zodzandilanda Mwana

Inu owerenga, ine ndili ndi mwana wamoyo, koma ndimagona ndekha pamphasa ngati ndinamuika m'manda. Dzina langa sinditchula. Amene timatungira limodzi madzi kuno kumtunda kwa Nsipe andizindikira, ndipo andizindikire ndithu, chifukwa woyenera kuchita manyazi pankhaniyi si ine.

Ndinakwatiwa ndi mnyamata amene anakula akuweta ng'ombe za eni. Ndinkadziwa kuti poyamba ankafuna Rute, mwana wa mwini sitolo, ndi kuti bambo ake a Rute anamupirikitsa pakhonde, amvekere mwana wawo sangapite kwa munthu wa ming'alu kumapazi. Ndinkati n'zachinyamata zimenezo, zinatha. Kwathu anangopereka ng'ombe imodzi, zotsalazo anati adzamaliza akakabwera ku Joni. Ananyamuka ine ndili ndi pakati.

Ndinadikira. Ndinabereka Esinati, ndinalima chimanga ndi kachewere mwana ali kumsana, ndinadwazika apongozi anga mpaka kuwatseka maso. Anzanga ankandiseka kuti ndikudikira mtchona. Ine ndinkangoti munthu akukasaka tsogolo la mwana wake.

Anabweradi, Esinati atayamba kale kusenza kachidebe ka madzi. Jasi lofika m'mawondo, njinga, galamafoni, malata ofolera nyumba. Asanapume n'komwe anatsikira ku Bwanje n'kukagula ng'ombe zonse zotsala za malowolo anga. Tsiku limene zinalowa m'khola la bambo anga ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Mwamuna wangayo ndinamugwadira pamaso pa anthu.

"Zikomo bambo a Esinati, mwandichotsa chitonzo."

"Dzukani, mungadetse nsalu yatsopanoyo." Anangotero, maso ali kumsewu.

Mukudziwa inu kuti kwathu kuno ng'ombe za malowolo sizikhalitsa m'khola. Zimene zalowola mtsikana ndizo zimakalowolera mchimwene wake mkazi. Achimwene anga anali atatopa kudikira, ndipo wowasonkhezera moto anali mwamuna wanga yemweyo. "Alamu, mufuna mumere imvi muli pamphala? Tengani njingayi mukaonekere kwa apongozi!" Tonse tinkaseka. Ng'ombe zinatuluka, mlamu wanga analowa.

Nyumba ya malata ija itatha, ine sindinagonemo ngakhale kamodzi. Kunamveka kuti Rute, amene anakwatiwa ndi kalaliki wa ku boma, anamubweza kwawo chifukwa chosabereka. Kunamvekanso kuti wauza mwamuna wanga kuti iye sangakhale mkazi wachiwiri. Ndiye tsiku lina ndikusinja, mwamunayo anaima patali n'kundiuza kuti ndipite kwathu ndikapume. Sindinalire. Ndinamanga kamtolo kanga, n'kumugwira dzanja Esinati.

"Ameneyo musiyeni. Ng'ombe zake ndinamaliza."

Ankhoswe anakhala pansi, koma mlandu wake sunatalike. Anati mwana amatsata ng'ombe, ngati tikumufuna tibweze zonse. Bambo anga anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana pansi. Mlamu wanga anali kale ndi pakati. Bambo anandifunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, ndiphwasule nyumba ya mchimwene wako?" Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Zaka zonse zija akukumba pansi pa nthaka, munthuyo sankaona ine. Ankaona khonde la sitolo lija, ankafuna kudzaimapo atavala nsapato. Zonse zimene Rute akanafuna anabwera nazo m'bokosi, kupatula chimodzi chimene ku Joni sagulitsa. Chimenecho anadzamugulira kwa ine, ndipo anadikira kaye kuti khola la bambo anga likhale lopanda kanthu. Ameneyo ndi munthu? Anthu akuti ndi chikondi chachikulu, munthu kusaiwala wokondedwa wake zaka zonsezo. Chikondi chanji cholipirira ndi mimba ya mnzako?

Esinati ndimamuona Lamulungu kutchalitchi. Amuveka diresi ndi nsapato, koma nsapatozo zimamuthina, amayenda motsimphina, ndipo palibe akuona. Nyengo yozizira amadwala chifuwa, amafunika kumufunditsa kumapazi. Ndani akudziwa zimenezo m'nyumba ya malata? Akandiona, amayamba wayang'ana Rute asanandimwetulire. Zimenezo ndizo zimandiwotcha mumtima kuposa zonse.

Atsikana anzanga, munthu amene anachititsidwa manyazi pakhomo pena, mufunseni bwino ngati akufuna inu kapena akufuna pokhala podikirira. Akabwera ndi chuma, musathamangire nthungululu, yambani mwaona kumene maso ake akuloza. Inunso makolo, ng'ombe za mwana wanu wamkazi musazitulutse mamawa ngati zikukuwotchani m'manja. Zisiyeni zidye msipu wa kwanu kufikira mutaona kuti banja lakhazikika.

Ine kachewere wanga wa chaka chatha ndinagulira kathole kamodzi. Anthu akundiseka, akuti pomadzakwanitsa ng'ombe zonse zobweza Esinati adzakhala atatha msinkhu, bambo ake atadya kale malowolo ake. Asiyeni aseke. Kathole kaja ndimakamanga kuseri kwa nyumba yanga, ndipo achimwene ndinawauza pamaso pa bambo kuti amene adzakhudze chingwe chake adzaona kuti kudekha kwanga kunathera pati.