Zelita Alumpha Mzere wa Phulusa

Musaseke, koma ine ndi ndevu zangazi ndinkakhulupirira kuti mkazi akaponda bwalo la mpira, mankhwala a timu amasuluka. Nzeru imeneyi ndinaisenza pamutu pamodzi ndi mabulangete pochokera ku Malawi kothawa nkhondo, n'kudzaitula kwathu ku Zobue.

Inali nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe, mphepo ikununkha lupsa ndi dizilo wa malole oima pamalire. Anyamata analambula bwalo kuseri kwa tchalitchi, pamalo pamene mbuzi zinali zitayendayenda popanda bomba kuphulika. Magolo anali a nsungwi, mizere ya phulusa. Poti kuthamanga kunandikana, ndipo sukulu ndinaithawa Chipwitikizi chitayamba kulimba, anandipatsa udindo wosunga kathumba ka mizu ya timu. Ndinkayenda nako ngati nduna.

Mwana wanga Zelita, wamiyendo ngati ya kakowa, ankatibweretsera madzi akumwa, ine n'kumuimitsa pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa phulusa. Koma mpira ukatuluka, mwanayo sankautola ndi manja ayi. Ankaulandira pachifuwa, kuutsitsira paphazi, n'kutchula dzina la mnyamata, ndipo mpirawo unkakagwa pazala za mwini dzinalo. Apo ine ntchito yapezeka: masewera aime, ndiuchape kaye ndi madzi a mizu. Masana amodzi mpira uja unkasamba kuposa mmene ndinkasambira ine mwezi wathunthu.

Ndiye kunabwera anyamata a ku Moatize, atakwera pamwamba pa lole ya malasha, ali bii ngati mapoto, akutinyoza m'Chinyungwe kuti othawa nkhondo adziwa chiyani kupatula kuthawa. Womwetsa zigoli wathu anali atapita kukasenza katundu tsidya la malire, motero tinapereŵera mmodzi, ndipo posakhalitsa anatimwetsa. Kaputeni wathu anandipempha kuti Zelita alowe. Ndinakana, ndikugwedeza kathumba pamphuno pake.

"A tiyu," anatero mnyamatayo, ponditchula malume m'Chipwitikizi, "kodi mizu yanuyo imathamanga?"

Ndinangoona Zelita akumasula kapulana, chitenje chake chija, n'kupatsa mayi ake. M'katimo anali atavala kale kabudula wa mchimwene wake. Analumpha mzere wa phulusa, ine n'kutsinzina, kudikira kuti wina athyoke mwendo.

Chimene chinanditsegula maso ndi nthungululu. Zelita anali atadutsa kale anthu awiri, wachitatu atakhala pansi ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Fumbi koboo, amayi ogulitsa nthochi atasiya madengu, madalaivala ataimirira pamwamba pa malole. Anamenya ndi phazi lamanzere, nsungwi n'kunjenjemera, mpira uwo uli m'munda wa nandolo. Chigoli chachiwiri anachita kupatsira kaputeni, atamutchula dzina monga ankachitira pansi pa mango paja. Amene anathamanga kwambiri tsiku limenelo ndine, kuzungulira bwalo ndikuuza ngakhale ondidziwa kuti mwanayo ngwanga, ndipo miyendoyo anatengera kuchimuna.

Akulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. A ku Moatize omwewo ndiwo anayamba kumutenga, kenaka Tete, Beira, Maputo, mpaka matimu a kunja amene mayina awo amandipinda lilime. Tsiku limene anavala malaya a timu ya dziko, tinadzazana m'baraka, kanyumba komwera mowa, kuonera kanema, ndipo nyimbo ya fuko ili mkati misozi itatsika ndinanamizira utsi wa fodya. Bwalo lija lero pali nyumba, ndipo ndikamaona tiatsikana tikukankha chikulunga pamsewu, ndimadzifunsa kuti ndi angati amene ife osunga mizu tinawaimitsa kunja kwa mzere mpaka anakalamba.

Koma madzulo a tsiku la Moatize lija sindinagonje msanga. Ndinauza mayi a Zelita kuti mizu yanga ndi yamphamvu zedi, yagwira ntchito ngakhale mkazi ataponda bwalo. Iwo anapitiriza kusenda nandolo osandiyang'ana.

"Bambo a Zelita, kathumba kanuko ndimakalumpha m'mawa uliwonse posesa. Mawa mulawire kumsika, mukamufunire mwana nsapato."