Tinjere ta Kutsidya kwa Malire

Aneba anga anapuma ntchito ya kasitomu, yofufuza katundu pachipata cha m'malire, kalekale, koma mpaka lero ukakumana nawo utanyamula jumbo, amayamba ayang'ana jumboyo, moni pambuyo.

Malemu akazi awo anali ochokera kudziko loyandikana ndi lathu, kumene msuzi amathiramo tinjere takuda tonunkhira tomwe kuno sitipezeka. Chimwalirireni mayiwo, bambowa amaphika msuzi umenewo Loweruka lililonse. Ayesa tsabola, ayesa adyo, ayesa chilichonse cha pamsika, kenako amandiitana pampanda kuti ndilawe. Ndikati ukukoma, amakwiya. "Inu simunalawe wa mayi aja. Awa ndi madzi amchere."

Mwezi watha anachita chinthu chimene sanachitepo moyo wawo wonse. Ananong'oneza dalaivala wina wa thiraki kuti akawagulire tinjereto, abise pansi pa mpando. Tsiku lomwe ankamuyembekeza, mphika unali kale pamoto.

Dalaivala anafika chimanjamanja. "Andilanda pachipata, madala. Akuti njere sizilowa popanda chilolezo cha a zaulimi. Kamtsikana kena kamagalasi, sikanafufuze n'komwe, kanangolunjika pampando pomwepo."

"Ameneyo ndinamuphunzitsa ndine!" anatero mkuluyo, nkhope itawala ngati kholo limene mwana wake wakhoza mayeso. Kenako anacheukira mphika uja, n'kuchepetsa moto mwakachetechete.

"Khala pansi, mwanawe," anauza dalaivalayo. "Tandiyankha. Pamene mtsikanayo amamasula kapepala ka tinjereto, unali pafupi? Tandiuza bwinobwino, fungo lake linali lotani? Ine layamba kundithawa."