Munda wa amayi pa mapu a Enelesi

Enelesi, mng'ono wanga, ndi uja anakana khasu n'kupita ku Zomba kukaphunzira kompyuta. Tinkamuseka kuti kaya tidzadya mabataniwo. Atabwerako ntchito osaipeza, ankathandiza kalabu yathu ya alimi a mpunga, laputopu ili pamiyendo, iye akulemba malamulo a kompyuta m'tizigawo, makinawo n'kumayankha m'munsi mwake.

Kuno kwa Kuntumanji, nyanja ya Chilwa ikaphwa, anthu amatsatira matope n'kudzala mpunga pomwe panali madzi. Malire ndi bango lozika basi. Munda wa amayi uli komweko, ndipo ndiwo umatidyetsa. Chaka chatha bambo Fanuelo, olima moyandikana nafe, anazula bangolo n'kulowerera kwathu, ati amayi akalamba, aiwala. Ine ndinafuna kukawatsira mphepo, koma Enelesi anandiletsa. Anati adzaonetsa mapu pamsonkhano wa kalabu, popeza malire onse anali atawayenda n'kuwasunga mufoni bango lisanazulidwe.

Vuto linali loti pulogalamu yakeyo payokha sionetsa mapu. Pamafunika kuikamo kachiwonjezero kochokera pa intaneti, ndiye netiweki ya kuno, abale inu! Anakwera pachulu, kanafika pakati n'kuduka. Anakwera kabaza mpaka ku Songani, kanalowa, koma pamalo pa mapu panangotuluka mpata woyera mbee. Kuchotsa, kuikanso, kuzimitsa, kuyatsa, osatheka. Mwana anasiya kudya. Nanenso mtima unali m'mwamba, chifukwa amayi anali atalengeza kale kutchalitchi kuti makina a mwana wawo akanena zoona.

M'mawa wa tsiku la msonkhano, ali pachulu pomwe paja, zinatheka. Anatsika nayo laputopu mosamala ngati wanyamula mazira. Mapu anali atatambasuka, Zomba apo, chilumba cha Chisi apo, timadontho tofiira ta malire athu tili bwinobwino. Koma Enelesi sankaseka. Timadonthoto tonse tinali pakati pa madzi. Amene anajambula mapuwo anaijambula nyanja itadzaza, moti munda wathu, wa a Fanuelo, minda ya kalabu yonse, panalibe ndi umodzi womwe unali pamtunda.

Ndinamukalipira kuti asinthe, apente, achite chilichonse. Anati mapu ena alipo, koma netiweki inali itathawanso, ndipo anthu anali atayamba kale kusonkhana. Ndinachita mantha, sindinama.

Amayi anatuluka atamanga kale duku, n'kufunsa pomwe pali munda wawo. Enelesi analoza. Amayi anawerama, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye ukauze anthu kuti ine ndimalima m'madzi?"



"Tseka, mwana wanga," anapitiriza amayi. "A Fanuelo andilanda ndime imodzi. Ichi chindilanda munda wonse."

Anasenza mtolo wa bango latsopano loti akazike m'malire n'kutsogola. Ife tinawatsatira, laputopu titaisiya m'nyumba.