Kapepala ka Azakhali ku Sandton

Ndinatuluka m'fulati ku Berea hafu pasiti seveni m'mawa wa Loweruka, laputopu kumsana, jekete yobwereka paphewa. Linali tsiku langa loyamba kutsogolera msonkhano wa ife opanga mawebusaiti, umene timachita kamodzi pamwezi. Kale tinkapanikizana m'kashopu ka khofi, koma ulendo uno tinali ndi chipinda chenicheni ku Sandton. Anzanga ankati ndachipeza ndi nzeru zanga, ine osakana. Zoona zake n'zakuti azakhali anga a Nabanda, amene andisunga chibwerere ku Joni, amakolopa maofesi amenewo, ndipo ndi iwo anakapempha kwa abwana awo. Linali tsiku lawo lopuma, komabe analawirira kukatsegula.

"Ukandionetse anzakowo," anandiuza dzulo lake. "Ndikaone ngati ntchito yongoyang'ana pakompyutayi ili ndi anthu." Ndinalonjeza.

Ndinayenda wapansi mpaka kufupi ndi Park Station, n'kugula magwinya awiri, amene kwathu tikanangoti mandasi. Ndinawadya chowerama kuopa mafuta pajekete ya eni. Tekisi ya ku Sandton, minibasi yodzaza anthu, inali marandi 25. Mayi amene ndinakhala naye anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kufunsa m'Chizulu ngati ndikukafunsira ntchito. Ndinati ayi, ndikukalankhula pamsonkhano. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kundisenzetsa thumba lake la kabichi mpaka titafika.

Naini koloko ndinali m'chipindamo. Mipando inali itandandalikidwa kale, pansi pakuwala. Azakhali sanavale yunifolomu. Anavala diresi lawo lobiriwira la kutchalitchi ndi duku watsopano.

Pamisonkhano yathu aliyense akafika amatenga kapepala komata, n'kulembapo dzina lake ndi ntchito imene amagwira, kenako kumata pachifuwa. Ndinawaona azakhali atatenganso kawo, akulemba pang'onopang'ono pakona ya tebulo.

Anthu atayamba kudzaza, ndinaima ndi akuluakulu awiri a kampani ina imene ndinkalakalaka itandilemba ntchito. Pomwepo azakhali anabwera, akumwetulira.

"Yamikani, wayenda bwanji mwanawe? Wadya?"

Akuluakulu aja anatembenuka. Ine ndinayankha m'Chingerezi kuti chipinda chili bwino, zikomo, ngati mmene munthu amayankhira wantchito wosamudziwa. Azakhali anaima pang'ono, dzanja lawo litaphimba kapepala kaja pachifuwa, kenako anabwerera kukhitchini.

Nkhani yanga inali ya mmene tingapangire mawebusaiti otseguka msanga pa mafoni otchipa, oti ngakhale anthu akwathu osowa data awagwiritse ntchito. Ndinalankhula za anthu osauka mokoma kwambiri. Pomaliza ndinathokoza amene anagula pitsa, amene anabwereketsa maikolofoni, ngakhale eni nyumba amene sindinawaonepo. Dzina limodzi ndinalidumpha ndikulidziwa.

Nthawi ya nkhomaliro, Tembo, mnzathu wa ku Chipata, anapeza azakhali akutolera makapu. Anaika mbale yake pansi n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Amayi, namvela Cinyanja paja. Ndimwe abululu ake, abale a Yamikani?"

Ndinali pafupi, pitsa ili m'kamwa. Azakhali sanandiyang'ane n'komwe.

"Ayi bambo, ine ndimangokolopa kuno."

Manyazi anandigwira. Mpata wokonza zinthu unalipo, mawu atatu okha akanakwana, koma ndinangoyang'ana foni.

Cha m'ma fili koloko onse anali atapita. Tinatsala awiri, iwo akukolopa, ine ndikupinda makatoni mwachangu ngati kuti zimenezo zingafafanize kanthu. Tinakwera tekisi yobwerera. Titadutsa Rosebank anatsegula chikwama kuti atulutse mpango, ndipo ndinaona kapepala kaja atakamata mkati mwake. Pamwamba analemba kuti Nabanda. Pamene ena tinalemba ntchito zathu, iwo analemba kuti: Azakhali a Yamikani.

"Azakhali, pepani," ndinatero.

"Walankhula bwino," anayankha akuyang'ana pawindo. "Sindinamve zambiri, koma anthu amaomba m'manja. Abambo ako ndiwauza."

"Ndimanena za m'mawa zija."

"Ndadziwa." Anatseka chikwama. "Mwezi wamawa chipinda chilipo, ndapempha kale. Makiyi ndidzasiya kwa mlonda, kuti usadzavutike."

Tinatsika m'tauni n'kuyamba kukwera mtunda wa ku Berea, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi laputopu yanga. Ndinapita ku Sandton kukaphunzitsa anthu kuti webusaiti isamatsekere kunja osauka, ndipo munthu yekhayo amene anatsekeredwa kunja tsiku limenelo anali amene anatitsegulira chitseko. Kapepala kanga ndinakamatula tisanafike pageti.